Ma Ace awiri si malipiro, phunzirani kudina Fold

Pa poker ya pa intaneti pali batani lina lolembedwa kuti Fold. Ukalidina ndiye kuti wataya makhadi ako, watuluka mu gemu imeneyo, ndipo ndalama zomwe unaponya kale pakati zapita. Makhadi akakhala oipa palibe amene amavutika nalo, chala chimapita chokha. Koma akakhala okongola, ma Ace awiri kapena ma King awiri akukuyang'ana pa sikirini, chala chija chimauma ngati chachita dzanzi. Ndalama zambiri za osewera atsopano zimathera pamenepa. Makhadi oipa amakubera pang'onopang'ono. Abwino ndi amene amakusesa kamodzi n'kamodzi.

Tinene chilungamo poyamba. Kuno kwathu poker siinatchuke ngati kubetcha pa mpira kapena kandege kaja ka Aviator. Koma ikulowa mwakachetechete. Ambiri amayambira pa ya tchipisi zabodza, osati za pa chiwaya ayi, tindalama tamasewera tija ta mu Zynga Poker ndi ma app ena otero. Kenako mnzako amakulozera komwe akusewera ya ndalama zenizeni, ndipo poti ndalama masiku ano zimakhala mu foni momwemo, kuchoka ku yabodza kupita ku yeniyeni ndi nkhani ya mphindi zochepa. Tsamba lino silikuuza munthu kuti ayambe juga, ndipo amene sanakwane zaka 18 lamulo silimulola n'komwe. Koma kunamizira kuti anyamata ndi atsikana sakusewera sikupulumutsa ndalama ya lendi ya munthu aliyense. Bola tikambirane za chisankho chomwe chimapweteka kwambiri patebulopo.

Kwa amene simuidziwa, mtundu wofala pa intaneti ndi Texas Hold'em. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Pakati pamaikidwa makhadi asanu a aliyense: atatu koyamba, kenako limodzi, kenako lomaliza lomwe amalitcha river. Pa sitepe iliyonse anthu amabetcha. Wopambana ndi amene wapanga makhadi asanu amphamvu kuposa anzake, kapena amene watsala yekha ena onse atadina Fold. Pa bawo zonse zili poyera, nkhomo zako ndi za mnzako mukuziona nonse, ukaluza ndiye kuti wawerenga molakwika. Pa poker theka la nkhani lili m'manja mwa munthu amene sukumuona.

Ma Ace awiri ndiwo makhadi apamwamba kuposa onse poyambira. Mu paketi ya makhadi 52 amabwera kamodzi pa magemu 221. Tebulo limodzi la pa intaneti limayendetsa magemu pafupifupi 60 mpaka 80 pa ola, ndiye kuti munthu amatha kudikira maola atatu asanawaone. Maola atatu akutaya 7 ndi 2, Jack ndi 4, bandulo ikutha, batire ikutsika. Akabwera, mumtima mumangomva kuti malipiro afika. Masamu ake sanena choncho. Ma Ace awiri akakumana ndi munthu mmodzi wa makhadi ena alionse amapambana pafupifupi maulendo 85 pa 100. Zikumveka bwino, koma zikutanthauzanso kuti amaluza kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Akakumana ndi anthu asanu onse n'kufika kumapeto, mwayi uja umatsika kufika cha pa theka. Ndipo manambala amenewa ndi a nthawi yomwe pakati palibe khadi ngakhale limodzi. Makhadi asanu aja akatsegulidwa, ma Ace ako amakhala peyala imodzi basi. Mapeyala awiri amaiposa. Makhadi atatu ofanana amaiposa. Asanu otsatizana amaiposa, asanu a mtundu umodzi amaiposanso. Munthu amene wagwira timakhadi tiwiri tofanana, ngakhale ma 4, amapeza lachitatu pa makhadi atatu oyamba pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu, ndipo iwe palibe chomwe umaona.

Ndinaziphunzira ndi thumba langa, usiku wina cha m'ma 11 koloko, ndili pa bedi. Ndinalandira ma Ace awiri akuda. Ndinakweza kufika K600, munthu mmodzi anatsatira, pakati panali K1,500. Makhadi atatu oyamba: King, 9 ndi 4, awiri mwa iwo a mtima. Ndinaponya K1,000, anatsatira. Lachinayi linali 7 ya mtima. Ndinaponya K2,500, anatsatiranso osachedwa n'komwe. Pakati panafika K8,500. River inabwera Jack ya mtima. Tsopano pakati panali makhadi anayi a mtima, ine m'manja ndilibe wa mtima ngakhale mmodzi. Ndinangodutsa osabetcha. Iye anaponya zonse zomwe anali nazo, K17,000.

Aliyense woonera pambali akanati taya. Khadi limodzi lokha la mtima, ngakhale 2, linali lokwanira kundimaliza. Pa makhadi 45 omwe sindinkawaona, 9 anali a mtima, ndipo ngakhale munthu wongotola makhadi awiri mwachisawawa akanakhala ndi limodzi kamodzi pa maulendo atatu. Uyu sanali wongotola. Anali atanditsatira kawiri mitima ikuchuluka, kenako n'kuponya kawiri kuposa ndalama za pakati. Koma m'mutu mwanga munali nyimbo imodzi: ndadikira usiku wonse, ndaikamo kale K4,100, ndingataye bwanji ma Ace? Kanambala ka masekondi kankatsika pambali pa dzina langa. Ndinadina Call. Anaonetsa King ndi Ace ya mtima. Pofuna kupulumutsa K4,100 ndinataya K21,100, ndipo mawa lake ndinayenda wapansi kupita ku ntchito ndikuuza anzanga kuti ndikulimbitsa thupi.

Cholakwa changa chinali kuganiza kuti K4,100 ija inali idakali yanga. Ndalama ikangolowa pakati si yakonso. Ndi ya amene apambane. Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka, koma patebulo la poker anthu amathira chidebe china chonse pofuna kuwola kapu imodzi. Vutoli si la Amalawi okha kapena la anthu a juga okha. M'chaka cha 1985 akatswiri awiri a ku America, Hal Arkes ndi Catherine Blumer, anafalitsa zomwe anapeza pa matikiti a zisudzo pa Ohio University. Ena anagula tikiti ya nyengo yonse pa mtengo wonse wa madola 15, ena anawachotserako madola 2, ena madola 7, mwamwayi chabe. Zisudzo zinali zomwezo kwa onse. Koma amene analipira mtengo wonse anapita kukaonera kambiri m'theka loyamba la nyengoyo kuposa anzawo. Sikuti zisudzo zinkawakomera kwambiri, koma ndalama yomwe inatuluka kale inkawakoka. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anali atalemba kale mu 1979 kuti kutaya kumatiwawa kuposa mmene kupeza ndalama yofanana nayo kumatisangalatsira. Kudina Fold ndiko kuvomera kutaya pompano, ndi chala chako chomwe. Kudina Call kumachedwetsako ululuwo ndi masekondi atatu, ndipo ubongo umalolera kulipira ndalama zambiri chifukwa cha masekondi atatu amenewo.

Funso loyenera si lakuti makhadi anga ndi abwino bwanji. Ndi lakuti: pa makhadi onse omwe munthu uyu angasewere chonchi, ndi angati omwe ndikuwaposa? Ndipo pali kasamu kosavuta komwe kakanandipulumutsa. Ndinkafunika kuika K17,000 kuti pakati pakhale K42,500. Gawani 17,000 ndi 42,500, mupeza 40 pa 100. Ndiye kuti Call yanga ikanakhala yanzeru pokhapokha ngati pa maulendo khumi alionse omwe munthu wotere waponya chonchi, anayi akhale akunama. Kodi munthu wa patebulo la ndalama zochepa, amene wakhala akungotsatira phee, anganame kanayi pa khumi ndi ndalama zake zonse? Ayi ndithu. Akanaponya theka la ndalama za pakati, nkhani ikanasintha, chifukwa pamenepo umafunika kupambana kamodzi kokha pa maulendo anayi. Akaponya zofanana ndi za pakati, kamodzi pa atatu. Mtengo ukamakwera, umboni womwe ukufunika kuti utsatire umakweranso. Makhadi ako sanasinthe, chomwe chasintha ndi mtengo wowaonetsera.

Apa mpomwe mwambi uja wa galu wamkota sakandira pachabe umagwira ntchito. Pa intaneti suona nkhope, suona manja akunjenjemera, sumva mpweya. Chomwe uli nacho ndi mbiri ya mabetche. Munthu amene kwa ola lathunthu wakhala akungotsatira, osakweza ngakhale kamodzi, akadzuka mwadzidzidzi pa khadi lachinayi kapena pa river n'kukweza pamwamba pa betche yako, kawirikawiri sakuseka nawe. Osewera ambiri a matebulo ang'onoang'ono amakonda kutsatira kuposa kunama. Kunama ndi ndalama zambiri kumafuna mtima komanso dongosolo, ndipo ambiri alibe. Chimodzimodzi mukakhala atatu kapena anayi mu gemu: iwe wabetcha, wina wakweza, wachitatu n'kukwezanso. Mmodzi akhoza kukhala wopenga, koma awiri onse? Peyala yako ya ma King pamenepo yasanduka chithunzi chokongola chabe. Ndipo yang'anani pakati musanayang'ane m'manja. Makhadi anayi a mtundu umodzi, kapena 8, 9, 10 ndi Jack atandandalikana, akukuuzani poyera kuti peyala imodzi yatha mphamvu.

Wina anena kuti, aise, ukamataya makhadi abwino anthu azikuseweretsa. Ali ndi mfundo, ndipo mbiri ya poker ili ndi chitsanzo chomwe aliyense amachidziwa. Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas kudzera pa kampikisano ka pa intaneti komwe analipira madola osakwana 100. Mpandowo unali wa madola 10,000 ndipo osewera anali 839. Atatsala awiri, iye ndi katswiri Sam Farha, Moneymaker anaponya zonse pa river ali ndi King ndi 7, opanda ngakhale peyala. Farha anali ndi peyala ya ma 9, yomwe inali yapamwamba pa makhadi a pakati. Anaganiza kwa nthawi yaitali, n'kutaya. Akanatsatira akanakhala ndi tchipisi zambiri kuposa mnzakeyo. Patangopita nthawi pang'ono Moneymaker anatenga madola 2.5 miliyoni, ndipo kanema wa gemu imeneyo ndi amene anakokera anthu miyandamiyanda ku poker ya pa intaneti.

Ndiye inde, nthawi zina udzataya makhadi opambana. Wosewera amene sananamizidwepo ndiye kuti amatsatira chilichonse, ndipo wotsatira chilichonse ndi amene amadyetsa tebulo lonse. Koma taonani kusiyana kwake. Farha anali pa gemu ya anthu awiri okha, pa mpikisano wa mamiliyoni, akulimbana ndi munthu amene anali ataonetsa kale kwa masiku angapo kuti saopa. Inu muli pa tebulo la K200, usiku, ndi munthu wa dzina la manambala amene sanakwezepo chiyambire. Vuto la kanema wa Moneymaker ndi lakuti anaphunzitsa m'badwo wonse kuti aliyense akunama. Pa YouTube ndi TikTok timaona ma Call aulemerero, munthu akugwira wabodza, anthu akukuwa. Palibe amene amadula kanema wa munthu akudina Fold n'kupitiriza kumwa tiyi. Koma ngati mumasewera, ndalama zomwe simunataye zimagula ufa wofanana ndi zomwe mwapambana.

Pali ngakhale nthawi yomwe kutaya ma Ace awiri pakati pasanaikidwe khadi lililonse kumakhala kolondola, ndipo osewera odziwa amavomerezana pa zimenezi. Ndi pa timipikisano tolowera mpikisano waukulu, ngati komwe Moneymaker anadzera, pomwe mphoto ndi mipando yofanana. Tiyerekeze kuti mipando ndi isanu, mwatsala asanu ndi mmodzi, inu muli ndi tchipisi zokwanira bwino ndipo wina watsala ndi tochepa toti atha mu gemu ziwiri zikubwerazi. Munthu wa tchipisi zambiri kuposa inu waponya zonse. Mukatsatira n'kupambana, mphoto yanu ndi mpando womwewo womwe munali nawo kale m'thumba. Mukaluza, zomwe zimachitika pafupifupi kamodzi pa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mwatuluka chimanjamanja. Makhadi apamwamba kuposa onse mu paketi, koma palibe chomwe angakuwonjezereni. Amene amamvetsa chitsanzo chimenechi wamvetsa kuti mphamvu ya makhadi imadalira malo omwe muli.

Chomwe chikutidetsa nkhawa ife n'chakuti foni imalimbana ndi kuganiza kotereku. Patebulo la makhadi enieni magemu amayenda pafupifupi 30 pa ola, umakhala ndi nthawi yopuma, ndipo ndalama umazigwira ndi manja. Kupereka ma K5,000 anayi kumamveka m'thupi. Pa foni umapatsidwa masekondi ochepa, K17,000 ndi manambala chabe pa batani lobiriwira, ndipo zikatha batani lothiranso ndalama lili pomwepo. Ukaluza ndi ma Ace mutu umatentha, umafuna kubweza usiku womwewo, ndipo gemu yotsatira yayamba kale usanapume n'komwe. Amene anayambira pa tchipisi zabodza amabwera ndi chizolowezi china choipa: kumeneko palibe amene amataya makhadi, poti zikatha amakupatsa zina zaulere. Onjezerani kuti mwini tebulo amadulapo kagawo kake pa ndalama za pakati, komwe amati rake, ndiye kuti osewera onse mukawaphatikiza amachoka ndi zochepa kuposa zomwe anabwera nazo. Komanso simudziwa amene ali mbali inayo. Mu 2017 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Libratus, ya ku Carnegie Mellon University, inagonjetsa akatswiri a poker ya anthu awiri, ndipo mu 2019 ina yotchedwa Pluribus inachita zomwezo patebulo la anthu asanu ndi mmodzi. Kompyuta sikonda ma Ace ake. Masamu akakana imataya basi.

Maiko ena anaona kuti liwiro ndi mbali ya vutoli. Ku Britain analetsa kugwiritsa ntchito makhadi a ngongole pa juga mu 2020, ndipo mu 2021 analamula kuti masewera a slots a pa intaneti asazungulire mofulumira kuposa masekondi awiri ndi theka. Kwathu kuno bungwe loyang'anira za juga ndi MAGLA, ndipo pempho lathu ndi lakuti aliyense wopatsidwa chiphaso cha juga ya pa foni azikakamizidwa kuika poonekera malo omwe wosewera angadziikire malire a ndalama pa tsiku, ndi batani lodzitsekera kunja kwa sabata kapena mwezi, zolembedwa m'Chichewa chomveka osati mu Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono. Pa mawebusaiti akunja omwe alibe chiphaso cha kuno, dziwani kuti ndalama zikakanirira mudzasowa kokadandaula.

Koma lamulo silidzakhala nanu pa bedi 11 koloko usiku. Malire amaikidwa masana, mutu uli bwino: ndalama iyi ndi yomwe ndingataye osakongola kwa munthu, ikatha ndatseka. Ya fizi, ya lendi, ya mpamba wa bizinesi ya amayi, ya katapila, siilowa patebulo ngakhale makhadi atakongola chotani. Ndipo ngati mwayamba kubisa foni, kunama za komwe ndalama zapita, kapena kusewera kuti mubweze za dzulo, imeneyo si nkhani ya ma Ace ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika vuto la juga m'gulu la matenda, ndipo kuuza munthu amene mumamukhulupirira n'koyambira kwabwino kuposa gemu ina.

Chovuta kwambiri pa Fold, chomwe masamu sangachichotse, n'chakuti sumadziwa ngati unalondola. Annie Duke, amene anasewera poker kwa zaka zambiri asanayambe kulemba mabuku a kapangidwe ka zisankho, amafotokoza za mpikisano wa Tournament of Champions wa 2004. Anaitanidwa anthu khumi okha, mphoto madola 2 miliyoni kwa wopambana yekha, ena onse osalandira kanthu. Ali ndi tchipisi zochepa analandira ma 10 awiri, makhadi oti ambiri akanafera pomwepo. Greg Raymer, amene anali atangopambana mpikisano waukulu wa chaka chimenecho, anaponya betche yoti Duke akatsatira aike zonse. Duke anaganiza nthawi yaitali, makamera ali pa iye, n'kutaya. Kwa maola angapo zinkamudya mumtima kuti mwina wachita mantha pamaso pa dziko lonse. Raymer atatuluka mu mpikisanowo ndi pomwe anamuyandikira n'kumuuza kuti anali ndi ma King awiri. Duke anapitirira mpaka kutenga madola 2 miliyoni aja.

Pa foni palibe Raymer woti abwere kudzakunong'onezani. Mukadina Fold makhadi a mnzanuyo amazimiririka osatembenuzidwa, ndalama za pakati zimatsetserekera ku dzina lake, mwina n'kukutumizirani kankhope koseka, ndipo pasanathe masekondi asanu makhadi ena awiri afika kale. Anthu ambiri amene amadina Call pa river amadziwa kuti aluza. Amalipira kuti aone, kuti agone osadzifunsa. Ine kuona King ndi Ace ya mtima kuja kunandidyera K17,000, ndipo ndinali nditaziwerenga kale pakati pa tebulo kwaulere.